Njinga ya Munthu Wamfupi

Lolemba

Ndachita chinthu. Ngati ndi chanzeru sindikudziwa.

Ndimangofuna kuona. Amayi anandituma kuchigayo ku Benga ndi mpunga, ndipo pobwerera ndaima pafupi ndi mtengo wa mango pamene a Jafali amakonzera njinga. Ndaima patali, thumba lili pamutu, ndikuyang'ana njinga zitatu zimene amaziimika kuti ndi zogulitsa. Ndakhala ndikuziyang'ana chonchi kuyambira nthawi yokolola. Lero andiona.

"Mayi, njinga siluma. Senderani kuno."

Ndasendera.

Chimene ndikufunira njinga sindinauzepo munthu, ndilembe muno. Si kutopa ayi. Miyendo yanga ndi yaifupi koma sidandaula. Vuto ndi moni. Kuchokera kwathu ku Mwadzama kukafika ku Benga, woyenda pansi amapereka moni khomo lililonse. Uime, upinde maondo, uyankhe za Amayi, za msana wa Amayi, za mpunga, za chifukwa chimene sunakwatiwebe. A Nabanda okha, a pamlatho paja, akakugwira dzanja sakusiya mpaka mthunzi utasuntha. Koma wa panjinga ndimamuona. Waliza belu, wakweza dzanja, wadutsa. Palibe womufunsa za banja.

A Jafali afunsa ngati ndili ndi ndalama. Ndapukusa mutu. Afunsa ngati ndine mwana wa a Nambewe, "kumene kuli tonde wamawanga uja." Ndagwedeza mutu. Kuyambira pamenepo zinthu zathamanga kuposa pakamwa panga. Lamulungu lino akuchita sadaka ya malemu bambo awo, anthu adzabwera ambiri kudzapemphera ndi kudya, koma mbuzi sanaipeze. Akuti njinga kwa ine, mbuzi kwa iwo.

Ndimafuna kunena kuti ndikaganize kaye. Ndangoyang'ana pansi, ndipo kwa a Jafali kuyang'ana pansi ndi kuvomera. Aitana madoda awiri amene amasewera bawo pamthunzi womwewo kuti akhale mboni.

Chabwino ndi chimodzi. Anena pamaso pa madodawo kuti, "Wallahi, ine sindigulitsa njinga yosamukwana munthu. Ikakukwanani, Loweruka ndidzatenga mbuzi. Ikapanda kukukwanani, mbuzi ndi yanu." Kenako andiyang'ana kuchokera kumutu kufika kumapazi, ulendo wosatalika, ndipo atsokomola.

Tondeyo ndi Voti, ndipo ndi wanga ndekha. Anabadwa tsiku limene tinakaima pamzere kukaponya voti. Make anafa iye asanayambe kudya udzu, ndinamulera ndi phala la m'botolo. Iye sindinamuuzebe. Amayi ndawauza. Ati, "Mbuzi yakudya sopo ija? Apatse lero lomwe."

Komabe njinga. Ine pa njinga!

Lachiwiri

Kuyesa njinga kuseri kwa nyumba ya a Jafali, kuti anthu asaone. Anthu aona.

Yoyamba ndi yakuda, yamphongo, ya chitsulo chopingasa pakati. Chishalo chikundifika m'khwapa. A Jafali achitsitsa ndi sipanala mpaka pothera, chikundifika m'nthiti. Ndaponda pa mtondo kuti ndikwere. Ndakhala pamwamba ngati nkhuku pa denga la nkhokwe. Mapazi akupalasa mphepo, mapedulo ali kwawo, ine ndili kwathu.

"Tambasulani mwendo." Ndatambasula. "Tambasulaninso." Watha, bambo, ndi womwewo. Izi ndanena mumtima.

Akuti nanga ndikamalowetsa mwendo pansi pa chitsulo, thupi lili pambali, monga amachitira ana? Ndinkatero ndili wamng'ono pa njinga ya amalume, ndipo kupalasa ndinaphunzirira pamenepo. Koma lero, msinkhu uno, ndidutse pa tchalitchi nditapendekeka ngati bwato lolowa madzi? Wondiyankhira akhala akazi awo, a Asiyatu, amene anali pakhonde akusankha mpunga. "Bambo a Saidi, mwana wa eni ake ameneyo." Nkhani yathera pomwepo.

Yachiwiri ndi yamwana, yofiira. Iyi mapazi afika, afika mpaka akukhwekhwereza pansi. Maondo akugunda mahandulo. Kaliyala ilibe, ndiye mpunga ndiziika pamutu ndili pa njinga? Madoda a bawo asiya bawo, akusuzumira pa mpanda. Mmodzi wati ndikuoneka ngati chule atakwera chikho. Ndatsika.

Yachitatu ndi yachilendo. Anaisiya mzungu wina amene ankapalasa mumsewu waukulu kulowera kumpoto. Itathyoka kutsogolo anangokwera basi, a Jafali n'kuikonza. Matayala ake owonda ngati chala. Mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Kupepuka kwake ndainyamula ndi dzanja limodzi. Akuti ndi yaliwiro, ya pa tala. Mzunguyo ayenera kuti anali wamtali ngati mgwalangwa, chifukwa ndikakhala pa chishalo manja safika ku mahandulo, ndikagwira mahandulo ndiye kuti pa chishalo ndachokapo.

Koma ndi yokongola. Yabuluu. Ndaisisita nthawi yaitali kuposa mmene ndimaganizira.

A Jafali aona nkhope yanga. Ati, "Ndi imeneyi. Chitsulo chimadulidwa, mayi. Kuboma kuli wowotcherera. Tidula felemu, tilumikiza, ikhala ngati munabadwa nayo."

Pobwerera a Nabanda andigwira pamlatho. Amva kale. Akufuna kudziwa amene akundigulira njingayo ndi mnyamata wa kuti, mwana wa yani, amapemphera kuti. Mthunzi wasuntha.

Voti wandichingamira panjira, wayamba kutafuna m'mphepete mwa chitenje. Ndamukankha pang'ono. Ndiyambe kumuiwala padakali pano.

Lachitatu

Tsiku loyeza. Manyazi a lero andikwanira chaka chonse.

Kuti adule felemu, akuti pakufunika muyeso wa mwendo. Osati msinkhu wonse, mwendo wokha, kuchokera pansi kufika pamene mwendo umathera. Amuna amangowauza kuti aime motangadza pa chitsulo chapakati, iwo n'kuona mpata. A Jafali afotokoza zimenezi akuyang'ana nthambi za mango. Inenso ndamvetsera ndikuyang'ana nthambi zomwezo.

Anena okha kuti, "Ine sindingayeze mwana wamkazi wa munthu. Haramu." Ndatsala pang'ono kuwathokoza mokweza.

A Asiyatu ati andiyeza iwo, m'nyumba, chitseko chotseka. A Jafali azula bango pa mpanda, awapatsa kuti ayezere. A Asiyatu aliponya uko ngati lawatentha. "Bango timayezera maliro. Mwanayu wafa?"

Ndiye chingwe. A Asiyatu achilandira, andigwira dzanja, tafika pakhomo, aima.

"Chingwechi akachinyamula ndani kuboma?"

"Ine."

"M'thumba mwanu? Mwendo wa mtsikana? Mukachitulutse pamaso pa anyamata owotcherera, muziti uwu ndi wa mwana wa a Nambewe?"

A Jafali alandiranso chingwe chawo, achikulunga pang'onopang'ono. Awonjeza kuti ngakhale chingwecho sichikanakwanira. Wowotcherera amafuna munthu aime pomwepo, adule, ayese, adulenso. Ine kupita kuboma ndi mwamuna wa eni, tsiku lonse, pa matola? Amayi akhoza kundiyezadi ndi bango.

Kenako doda wa bawo uja, wa chule pa chikho, wati, "Kodi awiriwa si ofanana?"

Atiimika msana ndi msana, ine ndi a Asiyatu, opanda nsapato. Aika lichero pamitu pathu, mpunga uli momwemo. Silinapendekeke. Palibe njere yagwa. Madoda aomba m'manja ngati tapambana chinachake.

Ndiye zatere: a Jafali ayeza akazi awo, apita nawo kuboma Lachisanu, njinga ikadulidwira pa iwo. Ikawakwana iwo, yandikwana ine. A Asiyatu akuseka. "Ine njinga sindinapalasepo, mng'ono wanga. Ndimangokhala pa kaliyala ngati thumba la makala. Taona zimene wandiputira."

Ndabwerera ndili wopepuka. Palibe wandikhudza, palibe wandiyeza. Nzeru za anthu akuluakulu!

Kunyumba ndapeza Amayi akumupatsa Voti madeya odzaza beseni. Sanachitepo chibadwire. Akuti a Jafali asadzanene kuti tinawapatsa mafupa. Voti akudya, mchira ukugwedera. Akuganiza kuti Amayi ayamba kumukonda.

Lachinayi

Zinthu ziwiri zagwa lero, ndipo yachiwiri ndi yaikulu.

Choyamba, chitsulo chapakati sichichoka. A Jafali akuti akachichotsa njinga ipinda ngati lumo. Chifupika, chitsika, koma chikhalapo. Ndiye chitenje chikwera bwanji? A Asiyatu ati iwo aganiza kale. Agula buluku pa kaunjika, lakuda, kuti akavale mkati mawa poima pa felemu. Akuti tizibwerekana. Akuti lamulo loletsa akazi buluku linatha, anamva pa wailesi.

Ndauza Amayi. Ati, "Lamulo anachotsa kumeneko. Muno sanachotse." Tagwirizana kuti buluku mkati, chitenje pamwamba, ndipo lisaoneke ngakhale pa akakolo.

Taliyesa m'chipinda cha a Asiyatu. Iwo lawakwana bwinobwino. Ine ndalipinda, ndalipindanso, likukwekwabe pansi. A Asiyatu ati ndalimanga m'munsi. Ndalikweza mpaka pamchombo, chimodzimodzi. Mwina ndi kusazolowera. Ndili m'kati mwake ndimamva ngati mwendo uliwonse wapatsidwa nyumba yake.

Chachiwiri. Pobwerera ndati ndiziyang'anitsitsa a panjinga, ndiphunzire kukweza dzanja kuja. Wadutsa wogula nsomba, dengu pambuyo, belu, dzanja, wapita. Bwino. Kenako akubwera aphunzitsi a kusukulu kwathu. Afika pamlatho, afinya mabuleki, atsika. Avula chipewa. A Nabanda awagwira dzanja, dzanja linalo lili pa handulo. Ndadutsa chakumbali mwakachetechete, ndafika patali, ndacheuka, adakali pomwepo. Kutsogolo kwake pali masamba pamsewu, pali maliro. Aliyense wa njinga akutsika, akukankha mpaka atapitirira.

Ndafunsa Amayi ngati wa panjinga amatsikanso popereka moni.

Andiyang'ana ngati ndafunsa ngati nyanja ili ndi madzi. "Amene amadutsa ndi belu lokha ndi alendo, sadziwa munthu. Iwe mwana wa muno udutse a Nabanda uli pamwamba? Ukufuna ndisamuke mudzi uno?"

Ndiye ulendo wanga wa ku Benga udzakhala wotere, khomo lililonse:

kufinya mabuleki
kutsika osagwa
kusamala buluku lisaoneke
kupinda maondo ndikugwira njinga ndi mpunga
kuyankha za msana wa Amayi ndi za banja
kuyankhanso za njinga
kukweranso iwo akuonerera

Kale ndinali ndi ziwiri zokha. Ndipo ndikayenda pansi nthawi zina sandiona n'komwe, ndimabisala kuseri kwa thumba. Pa njinga yabuluu ya mzungu adzandionera kutali, ayambe kutulutsa mipando.

Ndapereka Voti chifukwa cha zimenezi.

Lachisanu

Apita kuboma m'mawa, a Jafali, a Asiyatu ndi njinga, onse pa matola. Akuti swala ya Lachisanu akapemphera kumzikiti wa komweko.

Ine ndili kuseri, ndikusenda chinangwa choviika. Fungo lake lero likundiyenera.

Ndikuyeserera kukana. Ndauza mtondo kuti, "Bambo Jafali, ndasintha maganizo." Kwa mtondo zikutuluka bwino. Ndauza mtengo wa papaya, zatulukanso. Ndayesa kwa Amayi. Ndangofika pa "ndasintha", iwo ati, "Mawu unapereka pamaso pa mboni. Anthu aitana kale abale awo a ku Nkhunga. Ukufuna adzadye mpunga ndi mchere?" Ndati ine mawu sindinapereke, ndinangoyang'ana pansi. Ati, "Ndiye uphunzire kuyang'ana kumwamba."

Masana, anthu atatuluka kumzikiti, kwabwera mkulu wina wa mkanjo woyera, amene amazinga ziweto pa sadaka. Akuti atumidwa kudzaona mbuzi. Amutsegula Voti pakamwa, amufinya pamsana, amukweza mwendo. "Mashallah, yaleredwa bwino iyi." Ati kaleredwe kotere sakaonaona, andiyamikira ine. Voti wawanyambita dzanja, kenako wayamba mkanjo. Mkuluyo aseka, amusisita pakhosi. Pakhosi pomwepo.

Ndalowa m'nyumba.

Ndimadziuza kuti ndi mbuzi chabe. Wadyapo sopo wa Amayi, nsalu ya pa guwa imene tinabweretsa kudzachapa, ndi theka la kope langa lakale. Amanunkha. Koma ndi yekhayo m'mudzi muno amene ndikamuyankhula safunsa funso.

Zimene ndikupempherera, Mulungu andikhululukire: magetsi azime kuboma. Wowotcherera adwale mutu, wosaopsa. Adule mopitirira. Adule moperewera. Matola aiwale njinga pa siteji.

Dzuwa litapendeka wabwera mayi wa nyumba yoyandikana nafe, akuchokera kumsika. Sanatule ndi dengu lomwe. Akuti Benga yense ali pa bwalo la mpira kuseri kwa sukulu. A Asiyatu akuphunzira kupalasa, a Jafali akuthamanga pambuyo atagwira chishalo, mkanjo uli m'mano. Agwa, adzuka, agwanso m'chinangwa cha eni, adzuka akuseka. Pamene iye amachoka anali akuzungulira okha, amuna awo atakhala pansi akupuma.

"Yakwana ndendende, mwana iwe. Mwayi wako."

Ndathokoza.

Loweruka

M'mawa. Ndamusambitsa Voti. Chifukwa chake sindikuchidziwa, iyenso sanakondwe. Ndamupatsa kholowa amene Amayi anathyolera ndiwo. Amayi aona, apita kukathyola wina.

Madzulo. Ndilembe zonse.

Anafika masana. Patsogolo a Jafali, chingwe cha mbuzi chili paphewa. Pambuyo a Asiyatu akukankha njinga. Pambuyo pawo madoda a bawo monga mboni, pambuyo pa madoda Mwadzama yense. A Nabanda abwera ndi mpando wawo.

Njinga yafupikadi. Powotcherera apakapo utoto wobiriwira, wabuluu akuti unasowa. Aikanso kaliyala ndi belu. Ikuoneka ngati mwana wa njinga ija. Ndikuikondabe, ndisaname.

Talowa m'nyumba ndi a Asiyatu. Avula buluku, ndavala, ndapinda, chitenje pamwamba. Andipatsa koma nkhope yawo siili ngati ya masiku onse. Akuti, "Mabuleki a kutsogolo uziwagwira pang'ono, ndi aukali. Ndipo sikonda mchenga." Akunena ngati akupereka mwana kuchinkhoswe.

Ndakwera popanda mtondo. Anthu avomereza. Manja afika pa mahandulo, afika mpaka zigongono zapindika. A Jafali atsitsa chingwe paphewa. Voti ali pakhola akubzikula, akuonerera ngati nkhani ndi ya wina.

"Palasani, mayi."

Phazi lamanja latsika ndi pedulo, latsika, kenako pedulo yapitirira yokha. Yandisiya m'malere. Lamanzere chimodzimodzi. Pamwamba ndikuipeza, pansi ikundithawa. Kuti ndiitsate ndiyenera kutsetserekera uku ndi uku pa chishalo ngati ndikusefa ufa. Ndayenda kuchokera pa nkhokwe kufika pa papaya, ndipo wandiimitsa ndi papayayo.

"Sizingatheke," akutero a Jafali. "Ndinayeza ndekha. Mayi a Saidi, takwerani."

A Asiyatu sanadikire kuuzidwa kawiri. Akwinyira chitenje pakati pa maondo, akwera, azungulira bwalo, azungulira nkhokwe, aliza belu kwa a Nabanda. Mapazi ali pa mapedulo ngati anawamata.

Aitanitsa lichero. Atiimikanso msana ndi msana. Silinapendekeke. Doda mmodzi akuti njinga yalodzedwa. Mnzake akuti masiku ano chilichonse chili ndi ufulu wokana, ngakhale pedulo.

Amayi ayala mkeka pakhonde kuti alendo apume kaye. Takhala ine ndi a Asiyatu moyandikana, misana kukhoma, miyendo yotambasula monga timakhalira akazi. Amayi akubwera ndi madzi akumwa, aima, ayang'ana pansi, ayang'ana m'mwamba, ayamba kuseka mpaka madzi akutayika.

Mapazi a Asiyatu apitirira anga ndi chikhatho chathunthu. Koma mutu wanga uli pamwamba pa wawo.

"Uyu ndi msana wokhawokha, ngati malemu bambo ake," akutero Amayi. "Miyendo anatengako yongoyendera."

Mudzi wonse wabwera kudzaona. Ena akuyeza ndi zala m'malere. Chiyambire kukhala ndi moyo sindinayang'anidwepo mapazi ndi anthu ochuluka chotere. Ndikufuna nthaka itseguke.

A Jafali sanagonje. Chishalo chili kale pothera, sichingatsikenso. Ayenda mozungulira njinga, agwira ndevu. "Palibe vuto. Tikhomera matabwa pa mapedulo, kachidutswa uku, kachidutswa uku. Mwendo ufika. Pali thabwa pakhomo pano?" Wina wathamanga kukafuna. Chingwe chidakali m'manja mwawo, ndipo achimanga kale pfundo.

Ndayang'ana kukhola. Ndayang'ana a Jafali, kumaso.

"Bambo, munati yondikwana. Simunati yokhomera matabwa."

Mawu atuluka aang'ono, koma pabwalo onse awamva. Ambiri ndikhulupirira samadziwa kuti mawu anga amamveka bwanji. A Nabanda afunsa amene wayankhula.

Doda wa chule uja wakanda m'mutu. "Mawu ake analidi amenewo, a Jafali. Tinalipo."

"Ndiponso musaikhomere zinyalala njinga yanga," atero a Asiyatu ali pamkeka pomwepo.

"Yanu?"

"Munayeza ndani?"

A Jafali ayang'ana akazi awo, ayang'ana njinga, ayang'ana utoto wobiriwira umene anaulipira okha. Kenako amasula pfundo ija. "Ine mawu anga ndi amodzi. Mbuzi ndi yanu, mayi." Atembenukira ku gulu, afunsa ngati alipo ali ndi mbuzi yogulitsa, chifukwa mawa ndi mawa.

A Nabanda ati ali nayo. Adzuka pampando, awagwira dzanja. Pamene ndikulemba pano sanawasiye.

Lamulungu

Njinga ndilibe. Buluku ndabweza.

Kutchalitchi anthu amene sanandipatsepo moni lero andipatsa. Onse akuyamba kumaso, n'kutsikira kumiyendo. Mayi wina wa kwaya wati ndisadandaule, azakhali ake analinso chomwecho ndipo anakwatiwa bwinobwino. Abusa ati amva kuti ndimayankhula, ndiye ndidzawerenge mawu pa tsiku la achinyamata. Ndinayamba kuyang'ana pansi, ndakumbukira, ndayang'ana denga. Ati ndiganizire kaye.

Mawa kuchigayo, wapansi, thumba pamutu. Njira ndi yomweyo, makomo ndi omwewo, ndipo tsopano ali ndi funso latsopano. Palibe kanthu. Mwina kwinakwake amapanga njinga za anthu a msana wautali. Ku Benga sizinafike.

Titabwera kutchalitchi tapeza Voti wagwetsa thandala, wadya makaka a Amayi, wagona pa otsalawo. Amayi ati, "Ukanalola matabwa aja." Ndatola makaka ndekha, ndikuimba pang'ono.

Chakumadzulo kwamveka belu. A Asiyatu, pa njinga yawo, mbale yomanga m'nsalu ili pa kaliyala. Atibweretsera chakudya cha sadaka. Apepesa kuti chazizira, akuti atsika khomo lililonse kuchokera ku Benga, ndipo paliponse anthu amafuna aone powotcherera. Akunena izi nkhope ikuwala. Akuti chikhalire sanachezepo ndi anthu ngati lero. Amuna awo akuti akuyenda pansi, akubweza mipando ya eni.

Mpunga ndi nyama. Mbuzi ya a Nabanda ija ndimaidziwa, yoyera, inkaima pamlatho kumandiyang'ana nthawi yonse ya moni.

Gawo langa ndakadyera kuseri kwa nkhokwe. Yokoma, ndisaname. Voti wandipezabe, waima, akuyang'ana m'mbale, akuyang'ana ine.

Ndamupatsa mpunga wa m'mbali, wosakhudza msuzi.